Nyama ya M'mpanda: Ya M'tchire Kapena ya M'khola?

Munthu woyenda pagalimoto m'dera la zitunda lotchedwa Hill Country, m'chigawo cha Texas ku America, amatha mtunda wa makilomita ambiri akuona mpanda wa waya ukutsagana ndi msewu. Mpandawo ndi wosiyana ndi wotchingira ng'ombe, umene ngakhale mwana amatha kuulumpha. Msinkhu wake ndi mamita 2.4 kapena kuposerapo, ndipo wayayo ndi wolukidwa mothinana kotero kuti gwape sangaulumphe kapena kuupyola. Akasuzumira m'kati, wapaulendoyo amadabwa kuona mbidzi, ntchefu, ngoma ndi nyumbu zikudya msipu ngati kuti zili ku Africa kumene zinachokera. Iye akapatuka nalowa pachipata, amalandiridwa mwaulemu ndi kupatsidwa pepala. Papepalapo pamakhala mayina a nyama, iliyonse ndi mtengo wake, ndipo amene walipira amaloledwa kuiwombera.

Ulenje wotere, wochitikira m'malo otchingidwa ndi mipanda italiitali, unautsa mkangano umene watha zaka zambiri osazilala. Chochititsa chidwi n'chakuti mkanganowo suli pakati pa alenje ndi anthu odana ndi kupha nyama okha ayi. Alenje enieniwo ndi ogawikana, ndipo akatswiri a zachilengedwe nawonso samvana chimodzi. Ena amati mpanda unapulumutsa mitundu ya nyama imene ikanatheratu padziko lapansi. Ena amati mpanda unasandutsa nyama ya m'tchire kukhala chiweto, nusandutsanso mlenje kukhala munthu wozinga mbuzi m'khola. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wosati n'kuunyoza, choncho wofuna kuweruza mlanduwu ayenera kuyamba wamvetsera modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Texas ndi chigawo chachikulu zedi, chowirikiza dziko la Malawi pafupifupi kasanu ndi kamodzi, ndipo malo oposa magawo 90 mwa magawo 100 alionse ali ndi eni ake, si a boma. Cha m'ma 1930 famu yaikulu ya King Ranch inabweretsa nyama ya ku India yotchedwa nilgai. M'zaka za m'ma 1950 famu ya Y.O. Ranch inayamba kusunga nyama zachilendo zamitundumitundu ndi kulipiritsa alenje ofuna kuzisaka. Alimi ena, ataona kuti ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi sizinkabweretsa phindu lokwanira m'dera la miyala ndi chilala, anatengera chitsanzocho, ndipo mu 1967 anakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa Exotic Wildlife Association. Malinga ndi malamulo a ku Texas, nyama yochokera kunja ili ngati chiweto cha mwini malo: akhoza kuigula, kuigulitsa kapena kuipha nyengo ina iliyonse. Koma gwape wa m'dzikomo, wotchedwa white-tailed deer, ndi chuma cha anthu onse a m'chigawocho ngakhale atakhala m'kati mwa mpanda wa munthu. Komabe eni malo ambiri amamutchingira. Iwo amati n'kosautsa kusiya gwape wamphongo kuti akule kwa zaka zingapo, kenaka iye n'kuwolokera kumalo a mnansi ndi kuphedwa tsiku lomwelo.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene alenje ena amaipidwira ndi mipandayi, ayenera kudziwa mbiri ya nyama ku America. M'zaka za m'ma 1800 anthu opha nyama kuti agulitse zikopa ndi ndiwo anapulula thengo mopanda chisoni. Njati za kumeneko, zimene zinalipo mamiliyoni ambiri, zinatsala pafupifupi 1,000 zokha pofika mu 1889. Njiwa zotchedwa passenger pigeon, zimene zinkaphimba dzuwa zikamauluka, zinatheratu, ndipo yomaliza inafera kumalo oonetserako nyama ku Cincinnati mu 1914. Agwape nawo anatsala osaposa theka la miliyoni. Ataona tsoka limeneli, Theodore Roosevelt, amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa dzikolo, pamodzi ndi George Bird Grinnell anayambitsa bungwe la alenje lotchedwa Boone and Crockett Club mu 1887. Kuchokera nthawi imeneyo panakhazikika mfundo yakuti nyama ya m'tchire si ya munthu mmodzi, koma boma limaisunga m'malo mwa anthu onse. Malonda a nyama zophedwa m'tchire analetsedwa, nyengo zosaka zinaikidwa, ndipo kuyambira mu 1937 msonkho wa mfuti ndi zipolopolo unayamba kupita kuntchito yosamala nyama. Zotsatira zake zinali zooneka ndi maso: lero agwape aja alipo pafupifupi 30 miliyoni, ndipo anachulukana chotero popanda mpanda.

Bungwe la Roosevelt lija linaphunzitsanso mwambo umene pa Chingerezi amautcha fair chase, kutanthauza kusaka mopatsa nyama mpata wodzipulumutsa. Mlenje ali ndi mfuti ndi nzeru; nyama ili ndi mphuno, makutu, liwiro ndi thengo lothawiramo. Chimodzi cha zida za nyamazo chikachotsedwa, chotsala ndi kupha chabe. N'chifukwa chake bungweli sililemba m'buku lake la nyanga zotchuka nyama iliyonse yophedwera m'mpanda wosathawika. Mfundo imeneyi si yachilendo kwa aliyense amene anamvapo za uzimba. Amuna ankatuluka m'mamawa ndi agalu, mauta, mikondo ndi zibonga, koma panalibe amene ankalonjeza mkazi wake kuti madzulo adya mbawala. Ngakhale wokumba mbuna kapena wotchera ukonde sankadziwa chimene akapeze. Kusadziwa kumeneko ndiko kunkasiyanitsa mlenje ndi mweti, ndipo ndiko kunkapatsa ulemu munthu wobwera ndi nyama paphewa.

Eni mipanda ali ndi yankho, ndipo yankho lawo lamphamvu koposa ndi nyama yotchedwa scimitar-horned oryx. Iyi ndi nyama yonga mphalapala, yotuwa, ya nyanga zazitali zokhotera kumbuyo, imene kale inkayendayenda m'mphepete mwa chipululu cha Sahara. Nkhondo, chilala, kuchuluka kwa ziweto ndi alenje a mfuti oyenda pagalimoto zinaimaliza, ndipo mu 2000 bungwe la IUCN, limene limawerengera mitundu ya zamoyo imene ili pangozi, linalengeza kuti nyamayi inatha m'tchire. Koma nthawi yomweyo zikwi zambiri za nyamazi zinali kuswana m'mafamu a ku Texas. Eni ake ankazidyetsa ndi kuzisamala chifukwa mlenje ankalipira madola zikwi zingapo kuti aphe imodzi, ndipo ndalama za imodziyo zinkasunga gulu lonse. Mu 2012, gulu lina loteteza ufulu wa nyama litapambana mlandu kukhoti, boma linalamula kuti aliyense wofuna kusakitsa nyamazi ayambe watenga chilolezo. Eni mafamu anadandaula kuti mtengo wa nyamazo unagwa ndi kuti ambiri anayamba kuchepetsa magulu awo. Mu 2014 nyumba ya malamulo ya dzikolo inabwezeretsa ufulu wakale uja. Phunziro limene eni mipanda amatengapo n'lakuti munthu amasamala chimene chimamupindulira, ndipo nyama yopanda phindu imalandidwa malo ndi ng'ombe kapena nyumba.

Umboni wina waukulu wa mfundo imeneyi uli ku South Africa. Kumeneko mpanda ndi nyama zinadziwana kalekale. Nyama yokongola yotchedwa bontebok inatsala pang'ono kutha m'zaka za m'ma 1800, ndipo inapulumuka chifukwa mabanja angapo a alimi a kufupi ndi Bredasdorp anatchingira zotsalazo m'minda mwawo, boma lisanakhazikitse malo ozitetezera mu 1931. Chipembere choyera nachonso chinatsala chosakwana 100 kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, zonse m'dera la Umfolozi. M'zaka za m'ma 1960 Ian Player ndi anzake anayamba kugwira zipembere ndi kuzisamutsira kumalo ena, ndipo mu 1968, zitafika pafupifupi 1,800, boma linalola kuti zochepa zizisakidwa molipira. Alimi anayamba kugula zipembere ndi kuzipatsa malo. Pofika mu 2010 zinali zitaposa 18,000 m'dzikomo. Pambuyo pake mbava zofuna nyanga zinapha zambiri, moti mu 2014 mokha zinaphedwa zipembere 1,215, koma lero zoposa theka la zipembere zoyera za ku South Africa zili m'malo a anthu, osati a boma.

Chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi lamulo la mu 1991 lotchedwa Game Theft Act. Lamuloli lisanabwere, nyama ya m'tchire inalibe mwini, ndipo mlimi ankaiona ngati mdani wopikisana ndi ng'ombe zake pa msipu ndi madzi. Lamulolo linanena kuti munthu amene watchinga malo ake ndi mpanda wokwanira ndiye mwini wa nyama zili m'katimo. Minda yambiri ya ng'ombe m'madera ouma monga Limpopo inasanduka malo a nyama. Kafukufuku wa bungwe la Endangered Wildlife Trust wa mu 2016 anapeza kuti malo otere analipo pafupifupi 9,000, ndipo onse pamodzi anali mahekitala pafupifupi 17 miliyoni, kuwirikiza Kruger National Park koposa kasanu ndi katatu. Si onse amene amasakitsa nyama. Ena amalandira alendo odzaona chabe, ena amagulitsa nyama zamoyo kapena ndiwo. Koma ulenje ndi umodzi mwa mizati ikuluikulu ya chuma chimenechi. Pamalo aakulu pamene ng'ombe zachoka ndipo tchire labwerera, zimapindula si nyama zosakidwa zokha ayi: mbalame, akamba, njoka, tizilombo ndi mitengo nazonso zimapeza pokhala. Zimenezi ndi zoona, ndipo wotsutsa mipanda amene amazikana amafooketsa mlandu wake womwe.

Koma walira mvula walira matope. Nyama ikangokhala ndi mtengo, mwini wake amayamba kufunsa funso la wamalonda aliyense: kodi ndingapeze bwanji phindu lalikulu mofulumira? Yankho lake linaoneka ku America konkuja. Panabuka alimi oswetsa agwape m'makola ang'onoang'ono. Iwo amasankha amphongo a nyanga zazikulu, amagula ndi kugulitsa umuna wawo, amabereketsa aakazi mwa njira za chipatala, ndipo amadyetsa anawo chakudya cha m'matumba. Agwape ena otere amamera nyanga zochuluka nthambi modabwitsa, zimene sizipezeka m'tchire. Akakula amagulitsidwa kwa eni malo osakirako, ndipo mlenje amasankha nyama yake pachithunzi asananyamuke kwawo. Pamalo ena amalonjezedwa kuti akapanda kupha salipira. Mchitidwewu unafika pachimake mu 2005, pamene munthu wina ku Texas analumikiza mfuti ndi kamera ku intaneti kuti wolipira athe kuwombera nyama ali khale pakompyuta kunyumba kwake. Boma la Texas linaletsa zimenezi chaka chomwecho, ndipo zigawo zina zambiri zinatsatira.

Amene anakwiya koposa ndi zoterezi anali alenje. M'chigawo cha Montana, alenje ndiwo anatsogolera pempho limene anthu analivomereza pavoti mu 2000, loletsa kutsegula mafamu atsopano a nyama za m'tchire ndiponso kulipiritsa munthu kuti awombere nyama yotsekeredwa. Ku North Dakota pempho lofanana nalo linakanidwa pavoti mu 2010, chifukwa ambiri anaona kuti boma siliyenera kulamula munthu chochita pamalo ake. Kusiyana kwa mavoti awiriwa kukusonyeza kuti mkanganowu ukukhudza zinthu ziwiri zimene anthu a kumeneko amazilemekeza mofanana: ufulu wa mwini malo, ndi mfundo yakuti nyama ndi za onse. Alenje otsutsa mipanda amaopanso kuti anthu ambiri osasaka, amene amalolera ulenje malinga ngati uli wachilungamo, akaona nyama yozolowera anthu ikuphedwa pafupi ndi chodyera adzaipidwa ndi ulenje wonse, ndipo ndalama zosamalira nyama zochokera kwa alenje zidzauma.

Vuto lina ndi la matenda, ndipo ili silisamala za maganizo a munthu. Mu 1967, pamalo ena ofufuzira za nyama ku Fort Collins m'chigawo cha Colorado, agwape osungidwa m'khola anayamba kuonda, kuchucha dovu ndi kuyenda mosokonezeka mpaka kufa. Nthendayo, imene inadzatchedwa chronic wasting disease, imawononga ubongo. Ilibe mankhwala kapena katemera, nyama iliyonse yoidwala imafa, ndipo chimene chimaiyambitsa chimatha kukhala m'dothi zaka zambiri. Nyama ikhoza kukhala nayo koposa chaka isanaonetse zizindikiro. Nthendayi imafala pakati pa nyama zoyenda mwaufulu, koma gwape woyenda pansi amaipititsa makilomita ochepa, pamene gwape wokwezedwa m'lole amaipititsa makilomita mazanamazana usiku umodzi. Inafika ku South Korea kudzera m'nyama zamoyo zogulidwa ku Canada, ndipo inadziwika kumeneko mu 2001. Ku Texas inapezeka m'khola loswetsera agwape m'boma la Medina mu 2015, ndipo pambuyo pake inapezekanso m'makola ena ambiri. Tsopano ili m'zigawo za America zoposa 30. Mpanda suitsekera m'kati, pakuti agwape amanunkhizana pawaya, ndipo mtengo ukagwera mpandawo kapena madzi osefukira akaukokolola, zam'kati zimatuluka. Umu ndi momwenso nilgai zija ndi agwape amawangamawanga a ku India otchedwa axis anafalikira m'tchire la Texas, kumene akupikisana ndi nyama za m'dzikomo, ndipo nilgai zimanyamula nkhupakupa zodwalitsa ng'ombe.

Ku South Africa nakonso matope anabwera pamodzi ndi mvula. Mu 1997 pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya ku Britain yotchedwa The Cook Report inaonetsa mkango waukazi, wolekanitsidwa ndi ana ake, ukuwomberedwa pafupi ndi waya. Dziko lapansi linadziwa tsiku limenelo kuti kuli mafamu oswetsa mikango. Ana a mikango amachotsedwa kwa amayi awo akadali aang'ono kuti alendo aziwanyamula ndi kujambulitsa nawo. Akakula amagulitsidwa kwa alenje, ndipo mafupa awo akhala akupita kumisika ya ku Asia. Lipoti la boma la mu 2024 linapeza mikango pafupifupi 7,800 m'malo oposa 300, chiwerengero choposa kawiri mikango ya m'tchire ya m'dzikomo. Wina akangoona manambala akhoza kunena kuti mkango wapulumuka. Koma akatswiri amene boma linawasankha kuti aunike nkhaniyi anapeza kuti kuswetsa kotereku sikuthandiza kuteteza mikango ya m'tchire, ndipo mu 2021 nduna yoona zachilengedwe pa nthawiyo, Barbara Creecy, inalengeza kuti boma likufuna kuthetsa ntchitoyi. Mkango umene unakulira m'manja mwa anthu, wosadziwa kusaka ndi wosaopa munthu, uli ndi khungu ndi mano a mkango, koma ntchito ya mkango m'chilengedwe suigwira.

Dyera linalowanso pa nyama zodya udzu. Alimi ena anayamba kuswetsa nswala zakuda ndi nyumbu zofiirira ngati golide, mitundu imene m'tchire imabadwa mwa apo ndi apo, pokweretsa nyama zapachibale m'timipanda ting'onoting'ono. Mitengo yake inakwera mochititsa mantha chifukwa alimiwo ankagulitsana okhaokha, aliyense akuyembekeza kuti mnzake adzalipira zambiri. Mu 2016 gawo limodzi mwa magawo anayi a njati yamphongo yotchedwa Horizon linagulidwa ndi marandi 44 miliyoni chifukwa cha kutambasuka kwa nyanga zake. Posakhalitsa zinadziwika kuti alenje ofuna nswala zakuda anali ochepa, ndipo msika wa nyama za maonekedwe achilendo unagwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma chilengedwe chinali chitalipira kale. Mlimi wosunga mphalapala ya ndalama zochuluka sangalekerere kambuku, kakwiyo kapena nkhandwe pafupi, ndipo timipanda tothinana tija timadula njira za nyama zina zonse. Mu 2019 boma linafika polemba mitundu yoposa 30 ya nyama za m'tchire m'lamulo loona za kuswetsa ziweto, mpaka khoti linathetsa zimenezo mu 2023.

Palinso funso la anthu okhala kunja kwa waya. Ku Texas mlenje wa ndalama zochepa, amene atate ake ankasaka pamalo a mnansi atangopempha, tsopano amapeza chipata chokhoma, chikhalirecho lamulo limati agwape ali m'katimo ndi akenso. Ku South Africa funsoli ndi lowawa koposa, chifukwa malo ambiri akumidzi anagawidwa mokondera mtundu kuyambira pa lamulo la malo la mu 1913. M'madera ena a Eastern Cape ndi KwaZulu-Natal, minda itasanduka malo a nyama, mabanja a antchito amene anakhalapo mibadwomibadwo anachoka, nasiya manda a makolo awo m'kati mwa mpanda. N'zoona kuti malo a nyama amalemba ntchito alonda, otsogolera alenje, osenda zikopa ndi ophika. Komabe munthu amene amaona ntchefu kudzera pawaya, osalawako ndiwo kapena ndalama yake, n'kovuta kumuuza kuti nyamayo ndi chuma chake choyenera kuchiteteza.

Nanga mlandu wotere ungagamulidwe bwanji? Choyamba chofunika kuzindikira n'chakuti liwu limodzi lakuti mpanda likubisa zinthu zosiyana kwambiri. Malo a mahekitala 20,000, mmene nyama imabadwira, kukulira ndi kufera osauona waya, sangafanane ndi khola la mahekitala 20 mmene nyama yatsitsidwa m'lole dzana kuti iphedwe mawa. Ndiponso mpanda pawokha si mdani wa chilengedwe. Ku Malawi, nkhalango ya Majete m'boma la Chikwawa inali itatha nyama pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2003. Mpanda wamagetsi unazungulira nkhalango yonseyo, ndipo zipembere zinabwerera mu 2003, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Kumeneko nyama sizisakidwa, ndipo wayayo amateteza minda ya anthu ku njovu monga momwe amatetezera njovu kwa opha nyama mozemba. Koma ngakhale mpanda wabwino wotere uli ndi ngongole yake. Njovu zitachuluka ku Majete ndi ku Liwonde zinalibe kolowera, ndipo mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zinanyamulidwa pamalole kupita ku Nkhotakota. Womanga mpanda amasenza ntchito imene kale chilengedwe chinkagwira chokha, ndipo saloledwanso kuitula.

Choncho m'malo mofunsa ngati mpanda ndi wabwino kapena woipa, n'kwanzeru kufunsa mafunso atatu pa malo alionse otchingidwa. Loyamba: kodi nyama ya m'menemo ikukhala monga nyama ya m'tchire, yodzifunira yokha chakudya, yodzisankhira yokha yaikazi kapena yamphongo, yoopa munthu ndi yokhala ndi kothawira? Lachiwiri: kodi ndalama za mlenje zikusunga tchire lonse pamodzi ndi zamoyo zopanda mtengo, kapena zikungonenepetsa nyama imodzi ya nyanga zogulitsika? Lachitatu: kodi chimene chikuwoloka mpandawo kupita kunja n'chiyani, phindu ndi nyama zokadzaza nkhalango zina, kapena matenda, nyama zachilendo ndi mkwiyo wa anansi? Malo aakulu ambiri a ku South Africa amene anakweza chiwerengero cha zipembere amayankha bwino mafunso amenewa. Makola a mikango ndi a agwape a nyanga zopangidwa amalephera onse atatu, ngakhale eni ake atabwereka mbiri ya chipembere kuti adzitchinjirize nayo. Cholakwa cha otsutsa ena ndi kuika zonse mumtanga umodzi. Cholakwa cha oikira kumbuyo ena ndi kuganiza kuti kuwerenga mitu ya nyama n'chimodzimodzi ndi kuteteza chilengedwe.

Nkhani ya oryx ija ndiyo imaonetsa bwino malire a ntchito ya mpanda. Zikwi za nyamazi zinkadya msipu ku Texas zaka zonse zija, koma m'buku la IUCN zinalembedwabe kuti zinatha m'tchire, pakuti udzu wa ku Sahel sunkadyedwa ndi oryx, ndipo abusa a kumeneko ankakula osaionapo. Zinthu zinasintha pamene boma la Chad, mogwirizana ndi bungwe loona zachilengedwe la ku Abu Dhabi ndi la Sahara Conservation Fund, linasonkhanitsa nyama zochokera kumalo osungirako a ku Abu Dhabi, Europe ndi America, ndi kuzitengera kumalo otetezedwa a Ouadi Rimé-Ouadi Achim. Kumeneko zinasungidwa m'mpanda kwa kanthawi kuti zizolowere nyengo, kenaka mu 2016 chipata chinatsekulidwa ndipo gulu loyamba linatuluka. Zinayenda, zinapeza msipu, zinaswana. Mu December 2023 bungwe la IUCN linachotsa oryx pa mndandanda wa nyama zotha m'tchire.

Popanda anthu amene anasunga nyamazi m'mipanda kwa zaka makumi angapo, ku Chad kukanasowa chotulutsa, ndipo pa ichi osunga nyama ayenera kuyamikidwa. Koma popanda malo aakulu opanda waya, ndi anthu a kumeneko ololera kukhala nazo, oryx ikanakhalabe monga mbewu ya m'nkhokwe imene siinaone munda. Mlimi amasunga mbewu kuti adzabzale, ndipo nkhokwe yodzaza siilowa m'malo mwa dzinja. Achinyamata amene mawa adzakhala aphungu, mafumu, alimi ndi oyang'anira nkhalango adzakumana ndi anthu owauza kuti nyama iyenera kudzilipirira yokha kuti ikhale ndi moyo. Mawuwo ali ndi choonadi chake, ndipo sayenera kukanidwa msangamsanga. Chofunika n'chakuti wowamvayo akafike pamalopo, akayende m'mbali mwa waya, akaone kukula kwa tchire ndi khalidwe la nyama, akamve zonena anansi, ndipo akafunse mwini mpandawo kuti nyama zake zinathandizapo nkhalango iti kunja kwa chipata chake.